Njinga zisanu ndi imodzi zija zinatsala pang'ono kundidyera mpamba

Achemwali, mwafunsa kuti geni yooda zipangizo za masewero a anthu aulumali ku Joni imayenda bwanji, komanso ngati ili ndi phindu. Phindu lilipo, koma si la munthu wa mtima wapachala. Ine msewu wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndinayamba kuuyenda imvi zisanamere, ndiye za pasipoti ndi kusintha marandi musandivutitse nazo, kafunseni anyamata a pa depoti.

Muudziwe katundu wanu. Njinga yosewerera basketball si ya kuchipatala ija. Mateyala ake ndi opendekera, otangadza m'munsi kuti munthu azitembenuka msanga, ndipo kumbuyo kuli kateyala koti asagwe chagada. Mpira wa goalball, masewero a anthu osaona, umalemera makilogalamu 1.25, mkati muli mabelu poti osewera amautsata ndi khutu. Mukabweretsa wopanda mabelu mudzausewera nokha.

Njinga zimenezi ndi zomwe zinandionetsa zakuda. Timu ina inaitanitsa zisanu ndi imodzi, bwana wina wa bizinesi atalonjeza kuti alipira katundu akafika. Ine kupusa, ndinawonjezera mpamba ndi katapila. Pa boda ina, sindiitchula, ofisala anazungulira njingazo kawiri n'kufunsa kalata ya bungwe lomwe lapereka. Ndinati palibe wapereka, ndagula, malisiti ndi awa. Anaseka. Kwa iye munthu wolumala amangolandira, sagula. Mnzake anabwera ndi nzeru ina, ati poti si mphatso ndiponso si za kuchipatala, ndiye kuti ndi zamanyado. Katundu anagona m'nyumba yawo masabata atatu, tsiku lililonse mtengo wosungira ukukwera, aliyense wogwira chidindo akufuna ya fanta. Nkhope ya woyamba ujayo ndikhoza kuizindikira ngakhale mumdima.

Koma amene anandimaliza ndi mtolankhani. Tsiku la mpira anyamata anasewera koopsa. Mmodzi ankaponya ali patali mpira n'kumangolowa, mpaka ife osadziwa malamulo tinaimirira. M'mawa mwake m'nyuzi munali chithunzi changa nditagwira njinga, ati munthu wakufuna kwabwino wapukuta misozi ya ovutika. Zigoli sanalembe. Dzina la mnyamata woponya uja silinatuluke. Anangoti anasangalala ngakhale ndi olumala, ngati kuti anapita kokalandira ufa. Bwana wolonjeza uja atawerenga anandiimbira n'kuti, "Mayi, si mwapereka kale? Mulungu akudalitseni." Foni n'kudula. Wakatapila samva za madalitso. Ndinagulitsa firiji ndi mashini osokera, ndipo chaka chonse ndinabwerera ku kaunjika.

Ku Joni ndimagula nyuzi podikira basi pa Park Station. Za Ntando Mahlangu, wothamanga wa ku South Africa wa miyendo yoikirira, amalemba ngati za wothamanga aliyense: mtunda wake, nthawi yake, amene wamupitirira. Mwana ameneyu anatenga siliva pa Paralympics, mpikisano wa dziko lonse wa anthu aulumali, ku Rio mu 2016 ali ndi zaka 14, kenaka magolide awiri ku Tokyo. Ogulitsa a ku Joni ukawafunsa njinga amakufunsa msinkhu wa wosewera ndi malo omwe amasewera m'bwalo, sakumvera chisoni. Kuno kwathu Taonere Banda, yemwe saona bwino, anathamanga mamita 400 ku Rio komweko, Mmalawi woyamba kupikisana pa masewero a Paralympics. Mu 2012 timu yathu inalephera kupita ku London chifukwa cha ndalama. Funsani anthu khumi pa Limbe kuti Taonere ndani. Wa kampani angaikepo bwanji ndalama pa wothamanga amene dzina lake salimva pa wailesi nthawi ya zamasewero? Ndiye makasitomala anu ndi amenewo, aluso koma opanda owathandiza m'thumba.

Kaya munafunsa chiyaninso? Za phindu. Theka la ndalama lizibwera musanakwere basi, ngakhale wolonjezayo akhale m'busa. Mtolankhani akafika, muimirire kumbuyo kwa kamera, mumuuze alembe zigoli. Ndipo muoderetu machubu ndi masipoko ambiri, a njinga za kabaza salowa. Anyamata aja mpaka lero masipoko amagula kwa ine, kashi, osanenerera.