Mwana wanga akufuna ng'anjo yosungunulira magalasi, osati koleji

"Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Ife makolo timafuna akaphunzire unamwino, koma iye wakakamira zomwe anaona pa YouTube, zopanga ndolo ndi zovala m'khosi posungunula tizidutswa ta magalasi. Akuti timugulire ng'anjo yamagetsi. Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudya nayo, kapena ndi chibwana chabe?" Akufunsa choncho ndi mayi wina wa ku Zomba.

Mayi, si chibwana ayi. Ntchitoyi ilipo ndipo ndi yakale, moti ku Egypt ankapanga mikanda ya galasi zaka zoposa 3,000 zapitazo. Koma ng'anjoyo musagule kaye. Yankholi muwerenge limodzi ndi mwanayo, chifukwa zina ndikuuza iye.

Zimene kanema amaonetsa pa mphindi ziwiri zimadya tsiku lathunthu. Munthu amadula galasi ndi kachitsulo kaja amagwiritsa ntchito oika mawindo: kukanda mzere kamodzi, n'kuthyola. Tizidutswato amatitsuka mpaka pasatsale ngakhale chidindo cha chala, poti mafuta a m'manja amasiya chifunga pagalasi likapsa. Akatero amatisanjikiza pa kathabwa ka dongo kopakidwa mankhwala oletsa kumatirira, n'kutseka ng'anjo. Kutentha kukafika cha m'ma madigiri 750, tizidutswa timangogwirana koma kalikonse kakuonekabe pakokha. Kukafika cha m'ma 800, timasanduka chinthu chimodzi chosalala, chobulungira m'mbali. Uvuni wophikira sikono uja umathera cha m'ma 250, ndiye musaganize kuti angabwereke wa kukhitchini. Galasi losungunuka lilinso ndi khalidwe lake: limafuna kukhala lochindikala mamilimita 6. Mukaika chidutswa chimodzi cha mamilimita 3 chimadzikoka m'mbali n'kuchepa, mukasanjikiza zitatu zimayenderera.

Luso lenileni lili pozizitsa. Galasi likazizira mothamanga, kunja kumauma m'kati musanakhazikike, ndipo limasunga kukokana kosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake amaliimika kanthawi pa madigiri pafupifupi 500, kenako n'kulisiya lizizire pang'onopang'ono ng'anjo ili chitsekere, nthawi zambiri usiku wonse. Wopupuluma amene amatsegula kuti asuzumire amagulitsa ndolo yooneka bwinobwino, koma patapita sabata kasitomala n'kuimba foni kuti yang'aluka yokha ili m'chikwama. Apa, mayi, mwana wanu mukumudziwa ndinu. Kodi ndi munthu woti akayamba chinthu amachimaliza? Amatha kulemba m'kope kuti lero ndinatenthetsa mpaka pakuti, kwa mphindi zakuti, ndipo zinatuluka motere? Amene zimawayendera pa ntchitoyi amakhala ndi kope lotere, lodzaza ndi zoyesa zomwe zinakanika.

Chinanso chomwe makanema sanena n'choti magalasi sagwirizana onse. Lililonse limafufuma likatentha n'kubwerera likazizira, koma mosiyana mlingo. Mukaphatikiza awiri osiyana, pozizira amakokana mpaka kusweka. Motero ogulitsa magalasi a ntchitoyi amawagawa m'magulu, odziwika kwambiri ndi COE 90 ndi COE 96 (nambalayo imasonyeza mlingo wa kufufumako), ndipo magulu awiriwa sasakanizidwa. Kampani yotchuka pa gulu loyambalo ndi Bullseye ya ku Portland, ku America. Zimenezi zikutanthauza kuitanitsa kunja: galasi lenilenilo, mapepala oyala pansi pa galasi m'ng'anjo, tizitsulo tokolowekera ndolo, guluu wolimba, kuwonjezapo msonkho wa pachipata ndi zosweka panjira. Zonsezi n'zogula ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira mmene mitengo inadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Magetsinso. Ng'anjo yaing'ono imakoka mphamvu yofanana ndi ketulo yowiritsira madzi, koma kwa maola angapo, ndipo akathima isanafike pachimake ndiye kuti ntchito ya tsikulo iyambidwenso.

Tsono njira yoyambira ilipo yosaboola thumba. Pali kang'anjo kakang'ono kolowa m'manja awiri, komwe amakaika mu microwave. Kamasungunula kachidutswa kamodzi kapena tiwiri pa mphindi zochepa. Sikalola kulamulira kutentha bwinobwino, koma pophunzirira n'kokwana. Microwave yakeyo ikhale yapadera, isamatenthetsenso chakudya. Galasi loyambira lichokere m'mabotolo. Asalimbane ndi mabotolo obweza kugolosale aja, apite kumalo ogona alendo ndi odyera akapemphe a vinyo, omwe amangotayidwa, obiriwira, ofiirira, nthawi zina abuluu. Lamulo lake ndi limodzi: zidutswa za botolo limodzi zipsere pazokha, osasakaniza ndi za botolo lina ngakhale mtundu ukufanana. Galasi la botolo ndi louma mutu, limafuna moto wochulukirapo ndipo limachita chifunga msanga, koma ndi laulere, ndiye kulakwitsa sikupweteka.

Ndikanakonda mwanayu aonenso makanema a ku Ghana, osati a ku America okha. Anthu a mtundu wa Krobo, cha ku Odumase, amasinja mabotolo mumtondo mpaka kukhala ufa, n'kuthira ufawo m'zikombole za dongo. Pakati pa kabowo kalikonse amaimikapo kaphesi ka tsamba la chinangwa, kamene kamapsa n'kusiya chiboo cholowetsamo ulusi. Ng'anjo zawo ndi zadothi, moto wake wa nkhuni. Mikandayo imagulitsidwa pa msika wa ku Koforidua ndipo imafika mpaka ku Ulaya. Ku Eswatini kuli Ngwenya Glass ndipo ku Kenya kuli Kitengela, onsewa amapanga katundu wawo kuchokera ku magalasi otayidwa. Anthu amenewa anayamba ndi zomwe zili pafupi, ndipo mlendo akamagula amakondwera kumva kuti chinthucho chinali botolo.

Koma funso lalikulu kuposa moto ndi lakuti, adzagula ndani? Ndolo zopangidwa pamanja zikupikisana ndi zochokera ku China zomwe zadzaza mumsika wa Limbe pa mtengo wozizira. Wogula za mwana wanu ndi wina: alendo a ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, timasitolo ta m'malo ogona alendo, amayi apantchito m'tauni, ndi akwati ofuna kuti operekeza onse avale ndolo zogwirizana ndi mtundu wa nsalu ya ukwati. Msika umenewu angauyese mawa lomwe opanda ng'anjo. Mupatseni kampamba kochepa agule mikanda wamba ndi waya, apange ndolo, azijambule bwino pa foni, aziike pa WhatsApp ndi pa Facebook. Azilemba chilichonse: zogula, thiransipoti, bandulo ya intaneti, nthawi yake, ndi amene atenga pangongole. Ogula oyamba adzakhala azakhali ndi anzake a kutchalitchi, amenewo musawawerengere kwenikweni, amagula chifukwa cha chikondi. Muyang'ane ngati wabwera munthu wosamudziwa, n'kubweranso kachiwiri.

Za sukulu, sindikuona chifukwa chosankhira chimodzi n'kutaya chinzake. Ntchito ya magalasiyi anthu ambiri amaiphunzira pa maphunziro afupiafupi kwa amisiri anzawo ndi poyesa okha, ndiye imatheka madzulo ndi pa holide. Mafomu a koleji atumize ndithu nthawi isanadutse. Kungoti unamwino musamukakamize. Wodwala amafuna munthu amene anabwera ndi mtima wake wonse. Ngati mtima wa mwanayu uli pa zopangapanga, ku University of Malawi komweko ku Zomba kuli dipatimenti ya zaluso, ndipo ku MUST ku Thyolo kuli sukulu ya zachikhalidwe. M'makoleji a ntchito zamanja omwe ali pansi pa TEVETA, monga Nasawa, Soche ndi Lilongwe Technical, muli maphunziro monga zamagetsi, kuwotcherera zitsulo ndi kusoka. Musadabwe ndikamatchula zamagetsi kwa mtsikana wofuna kupanga ndolo: waya wotenthetsa ng'anjo amatha, ndipo wodziwa kumusintha yekha sayimitsa ntchito podikira mmisiri. Maphunziro a zamalonda nawonso angamuthandize kuika mtengo wosadzidyera yekha.

Iwe mtsikana, ziwiri izi usazinyozere. Podula ndi popera galasi uzivala magalasi oteteza maso ndi chophimba mphuno chenicheni, ndipo uzipera galasi lili lonyowa, chifukwa fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka. Ana aang'ono asayende opanda nsapato pamalo ako ogwirira ntchito. Chachiwiri, usaumire pa tizitsulo tolowa m'khutu. Totchipa tambiri timakhala ndi nickel, yemwe amatupitsa ndi kuyabwitsa makutu a anthu ena, ndipo kasitomala wotupa khutu amauza mpingo wonse.

Mayi, mugwirizane chonchi: kope lake likaonetsa kwa miyezi isanu ndi umodzi kuti zogulitsa zikubweza mpamba n'kutsalako, ndipo mafomu a koleji anapita, pamenepo mukambirane za ng'anjo yeniyeni. Theka la mtengo wake lichokere m'phindu lake, theka linalo kwa inu.