Zimbale zija zinali zabwinodi, kapena tikungolira unyamata?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa zaka 44. Akuti ali ku sekondale ankakonda kwambiri hip hop ya underground, ija yosamveka kawirikawiri pa wailesi. Posachedwa anamuikira mwana wawo wa zaka 16 chimbale cha Black Star. Mnyamatayo anamvera nyimbo ziwiri, n'kunena kuti n'zogonetsa tulo, n'kutuluka panja. Ndiye akufunsa: kodi zimbalezi zinalidi zabwino, kapena ife tikungolira unyamata wathu?

Achimwene, funso lanuli landikhala pamtima, chifukwa nane ndinakulira nyimbo zomwezo. Ndiyankhe mosapita m'mbali: zina zinali zabwinodi ndipo zidakali zabwino. Zina tinkazikonda chifukwa tinazipeza movutikira.

Kumbukirani mmene zinthu zinalili ku New York cha m'ma 1997. Rap yomwe inkagulidwa kwambiri inali ya Puff Daddy ndi anzake, ya zovala zonyezimira ndi magalimoto odula. Pambali pake panali timakampani ting'onoting'ono. Rawkus Records inatulutsa Funcrusher Plus ya Company Flow mu 1997, kenako Black Star ya Mos Def ndi Talib Kweli mu 1998. Fondle 'Em ya Bobbito Garcia inkadinda zimbale za vinyl zowerengeka, zogulitsidwa m'masitolo ochepa. Ngati ku America komweko zinali zosowa, nanga kwathu kuno? Ine Black Star ndinaimva pa kaseti yomwe mnzanga anajambula kuchokera pa kaseti inanso ya msuweni wake wa ku Johannesburg. Inkalira phokoso ngati mvula pa malata, ndipo nyimbo yomaliza inadukira pakati chifukwa tepi inatha. Ndinatha zaka ndisakudziwa kuti nyimboyo imatha bwanji.

Apa mpamene pagona nkhani. Kaseti imodzi tinkakhala nayo teremu yonse. Kudumpha nyimbo kunkadya mabatire, choncho tinkamvera zonse, ngakhale zomwe poyamba sitinazikonde, mpaka zinatilowa. Tinkalemba mawu ake kumbuyo kwa kope, kubweza tepi kakhumi kuti timve mzere umodzi, n'kumatsutsana m'chipinda chogona kuti wanena chiyani. Zimbale zimenezi zimafuna kumvetsera kotero. Mwana wanu ali ndi nyimbo zosawerengeka m'foni, ndipo chala chake chinazolowera kudumpha pakangotha timphindi. Sindikumunena. Bwenzi nafenso tikuchita chimodzimodzi tikanakhala ndi foni masiku amenewo.

Chaka chatha ndinadziyesa. Ndinatenga zimbale zakale n'kumamvera chimodzi madzulo aliwonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, foni ili kutali. Zingapo zinandikhumudwitsa: anyamata ounjika mawu ovuta kuti aoneke anzeru, akudzitama kuti iwo ndiye enieni, popanda chomwe akunena. Koma The Cold Vein ya gulu la Cannibal Ox, ya 2001, inandigwira kuposa kale. Ma beat ake, omwe anakonza El-P wa Company Flow, ndi ozizira ngati chitsulo, ndipo umphawi wa ku Harlem, dera la ku New York, womwe akuufotokoza ndinaumvetsa bwino tsopano popeza ndalipirapo lendi ndi ndalama yosakwana.

Ndipo pali MF DOOM, amene nkhani yake ndinaidziwa mochedwa. Poyamba anali Zev Love X wa gulu la KMD. Mu 1993 mng'ono wake Subroc anagundidwa ndi galimoto n'kumwalira, ndipo pasanapite nthawi kampani ya nyimbo ya Elektra inachotsa gululo n'kukana kutulutsa chimbale chawo chachiwiri. Anasowa kwa zaka, n'kudzabwerera atabisa nkhope. Chimbale chake cha Operation: Doomsday chinatuluka mu 1999. Ndili mnyamata ndinkangomva kaseweredwe ka mawu ndi timawu ta makatuni. Lero ndimamva munthu wolira m'bale wake. DOOM atamwalira pa 31 October 2020, dziko linangomva patapita miyezi iwiri, tsiku lomaliza la chakacho, ndipo usiku umenewo ndinakhala ndekha pakhonde ndikumvera chimbalecho anthu akuphulitsa makombola a chaka chatsopano. Chimbale chomwe chimakuuza zatsopano patadutsa zaka makumi awiri sichingakhale chikumbutso chabe.

Tsono za mwanayo. Musamukhazike pansi ngati m'kalasi, ndipo musanyoze zomwe iye amamvera, chifukwa mukatero mwatseka khomo. Mwina munayambira polakwika. Black Star ili ndi mavesi ataliatali ofuna kudekha. Yesani Madvillainy ya 2004, ya DOOM ndi Madlib: nyimbo 22 m'mphindi pafupifupi 46, zambiri zazifupi, zopanda makolasi obwerezabwereza. Imagwirizana ndi makutu a ana a lero. Ngati amamvera Tyler, the Creator kapena Earl Sweatshirt, muuzeni kuti onsewa anena poyera kuti DOOM ndi mmodzi mwa omwe anawaphunzitsa njira. El-P yemwe uja wa Company Flow ndi amene lero ali m'gulu la Run the Jewels ndi Killer Mike.

Mwanayo muikeni m'galimoto paulendo wautali, mutsegule Madvillainy osanena kanthu. Akafunsa kuti chigoba chomwe DOOM wavala kunkhope pachikuto cha chimbalecho n'chachiyani, muuzeni za Subroc. Kenako mumupatse foni aike zake, nanunso mumvere mpaka kumapeto.