Tifunseni: Ntchito yosamalira anthu, uli wogonera komweko

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kwa anthu ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, ana amasiye ndi anthu aulumali mumzinda wa Blantyre, makamaka amene amagona pantchito pomwepo. Tasankhapo anayi.

FUNSO: Ndimasamalira agogo 14 ku Chirimba. Wosambitsa ndine, wophika ndine ndemwe. Tsiku la nyemba nsima timadya 2 koloko, ndipo makala sachedwa kutha. Agogo atatu alibe mano, wina anafa ziwalo mbali imodzi ndipo amatsamwa pakudya. Ndithandizeni nzeru.
Mayi wa ku Chirimba

YANKHO: Mayi, nyemba za mawa zimayambidwa madzulo a lero. Mukatha kudyetsa agogo chamadzulo, sankhani nyembazo, muzitsuke, muziviike m'madzi ochuluka katatu kuposa nyemba, zigone momwemo maola 8 mpaka 12. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, muzitereke pa moto waukulu kuti zibwate kwambiri mphindi 10 zoyambirira. Nyemba zoviika zimapsa pa ola limodzi kapena ola ndi theka, pamene zouma, makamaka za chaka chatha, zimatha maola atatu zikadali gwa. Tomato musathire zisanafewe, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba. Soda amafewetsadi msanga, koma amawononga mavitamini ena, ndipo agogo amene amadya pang'onowa alibe mavitamini otaya.

Kuti makala akhalitse, nyemba zikabwata mphindi 30 phulani poto ali chivundikirire, mumukulunge m'bulangete lakale ndi kumuika m'dengu kapena m'katoni momwe mwayalamo nsanza zouma, pamwamba muphimbenso. Zipitiriza kupsa zokha maola atatu kapena anayi, inu mukusambitsa anthu, opanda mantha oti zipserera. Osatsegulatsegula kuti muone, kutentha kumathawa. Nthawi ya nsima ikakwana zibwezereni pamoto, zibwatenso, kenako mukazingire. Mbaula yokhala ndi dothi mkati imasunga moto kuposa yachitsulo chokhachokha, ndipo poto akangobwata tsekani kachitseko kake. Makala otsala atsekereni m'chitini chachivundikiro kuti azime, adzagwira ntchito madzulo. Chinthu chimodzi chokha tikuletseni: mu June ndi July kukazizira, mbaula isalowe m'chipinda chotseka mazenera kuti agogo aothe. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali mtulo.

Pa miyeso, tiyerekeze kuti ndi antchito mulipo 16. Yambirani pa magalamu 150 a ufa pa munthu pa chakudya chimodzi, amene ndi pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka pa nsima imodzi. Masana ndi madzulo ndi makilogalamu 5, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 likuyenera kukufikitsani masiku 10, osawerengera phala. Nyemba kilogalamu imodzi ikwanira, munthu aliyense magalamu 60. Yezani kamodzi pa sikelo, muthire m'kandowa, mulembe mzere pomwe ufa walekezera. Mukaona nsima ikutsala masiku otsatizana, tsitsani mzerewo pang'ono. Zimenezi zimakutetezaninso inuyo, chifukwa ufa ukatha msanga woyamba kuganiziridwa ndi wakukhitchini.

Agogo opanda mano safunika poto wawo. Povundula nsima, omolani yawo ikadali yofewa, musanawonjezere ufa womaliza. Nyemba zawo muzisinje ndi chipande pamodzi ndi msuzi, kapena muphike chipere. Usipa uwambeni pang'ono, muusinje ukhale ngati ufa, muzithira sipuni imodzi kapena ziwiri m'ndiwo zamasamba. Minga sizibayanso nkhama. Nkhwani kapena bonongwe muduledule tating'ono ndi kutendera nsinjiro. Futali wa mbatata yofiira mkati, dzira lophika mofewa, papaya, nthochi yakupsa ndi peyala zimalowa popanda kutafuna. Cholakwika chofala ndi kumangowapatsa phala lamadzimadzi m'mawa, masana ndi madzulo: mimba imadzaza koma thupi likutha. Paja zakudya zili m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo wopanda mano amafunika onsewo. Phala likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro, soya kapena mkaka. Amene ali ndi BP kapena shuga muwapatulire chawo musanathire mchere ndi shuga wa anthu onse.

Nkhani ya agogo otsamwawo musaitenge mopepuka. Munthu amene anachita sitiroko kawirikawiri amavutika kwambiri ndi zamadzimadzi monga tiyi, madzi ndi phala losungunuka, chifukwa zimathamanga kukhosi iye asanakonzeke kumeza, n'kulowera njira ya mpweya. Akhazikeni tsonga, msana wowongoka, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa, osati mutu chagada. Phala likhale lolimbirako, losatsika lokha pa sipuni, lopanda mibulu. Gwiritsani ntchito sipuni ya tiyi, muziika chakudya mbali yamphamvu ya kamwa, ndipo dikirani ameze musanapereke china. Akatha yang'anani m'tsaya la mbali yakufayo, chifukwa chakudya chimabisala mmenemo, mutsuke m'kamwa, akhalebe tsonga mphindi 30. Ngati akusinza, chakudya chidikire. Mukamva mawu akutuluka ngati pakhosi pali madzi, kapena ayamba kutentha thupi ndi kupuma mobanika, n'kutheka kuti chakudya chalowa m'mapapo ndipo chibayo chayamba. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Pemphaninso kuti awaone a zolimbitsa ziwalo kuchipatala cha Queens kapena ku Kachere Rehabilitation Centre.

Chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Mkute wa dzulo wongofunditsa ndi wa anthu amphamvu, osati agogo.

FUNSO: Ndine wa CCAP ndipo ndimayimba kwaya. Chiyambireni ntchito yosamalira anyamata aulumali sindinapondeko kutchalitchi, chifukwa ndimakhala pantchito sabata yonse. Ndikapempha tsiku lopuma abwana amati uwu ndi utumiki, suwerengedwa maola. Akulu a mpingo ayamba kufunsa za ine.
Bambo wa ku Ndirande

YANKHO: Bambo, utumiki ndi utumikidi, koma ngati pakutha pa mwezi mumalandira malipiro, lamulo limakuwerengani kuti ndinu wantchito. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu, ndipo munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Mukagwira ntchito tsiku lanu lopuma, ola lililonse liyenera kulipiridwa kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata alinso ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, cholipidwa. Kugona pamalo a ntchito sikuchotsa zimenezi.

Komabe musayambe ndi kuwerengera abwana malamulo, angakumvereni m'mphuno. Nkhawa yawo ndi yoona: anyamatawo sangasiyidwe okha ngakhale ola limodzi. Choncho pitani ndi ndandanda yolembalemba ya mwezi wonse yosonyeza amene akhalepo inu mukachoka. Ngati pali mnzanu wa Seventh Day, iye akufuna Loweruka. Msilamu akufuna Lachisanu masana. Kusinthana ndi amenewa n'kosavuta. Ngati nonse ndinu a Lamulungu, muzilandizana masabata, kapena wina apite mapemphero a m'mamawa, wina otsatira, poti mipingo yambiri ya m'tauni muno imapemphera kawiri kapena katatu. Ndandandayo abwana asainire ndipo ipachikidwe pakhoma. Kugwirizana pakamwa pokha ndiko kumabala mawu oti "ine ndimayesa muli inu".

Posiyirana ntchito ndi pomwe zinthu zimalakwika. Musachoke wolowa m'malo asanafike, ndipo mumuonetse kope la mankhwala: ndani wamwa, wamwa chiyani, nthawi yanji. Mnyamata wa khunyu akadumphitsa mankhwala akhoza kugwa, ndipo akamwetsedwa kawiri chifukwa aliyense amayesa mnzake sanapereke, amangoti lefu, kugona tsiku lonse. Wotsalayo adziwenso chochita wina akagwa: kuchotsa zinthu zomuvulaza, kuika chofewa kumutu, kumugoneka cham'mbali, osaika sipuni kapena chala m'kamwa, ndi kuthamangira kuchipatala kugwedezekako kukapitirira mphindi 5.

Akulu a mpingo afotokozereni mmene ntchito yanu ilili asanaganize kuti mwalowerera. Mlaga wa pakati pa sabata ungakuthandizeni, ndipo abwana akalola ungathe kudzachitikira komweko nthawi zina. Kungoti anyamatawo ali ndi zipembedzo za kwawo. Wosafuna asakokeredwe ku mapemphero anu, Msilamu asapatsidwe nkhumba, wa Seventh Day asaumirizidwe mlamba. Zokambirana zikakanika, dandaulo limapita ku ofesi ya zantchito ya boma, ndipo pakavuta pali khothi la Industrial Relations Court mu Blantyre momwemuno. Sungani kalata yanu ya ntchito ndi kope la masiku amene mwagwira.

FUNSO: Ndili ndi zaka 24, ndimalera ana 9 panyumba ya ana amasiye. Anzanga akuti ndasanduka sisitere, sindioneka ku zinkhoswe ngakhale kumaliro. Tsiku lina ndinawaitana kudzacheza, mmodzi anajambula ana n'kuika pa sitetasi ya WhatsApp, abwana anakalipa kwambiri. Kodi pamenepa chalakwika n'chiyani?
Mtsikana wa ku Bangwe

YANKHO: Achemwali, abwana anu sanakalipe pachabe. Si ana onse a m'nyumba zotere amene makolo awo anamwalira. Ena anabweretsedwa ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu atachotsedwa m'manja mwa wowazunza, ndipo chithunzi chimodzi chokha chikhoza kumuonetsa munthuyo kumene mwana ali. Mnzanuyo achotse chithunzicho pa sitetasi ndi m'foni momwe. Chimodzimodzi nkhani za ana: amene akumwa ma ARV, amene anagwiriridwa, amene amakodza pogona. Izi si zochezera, ngakhale ndi mnzanu wapamtima.

Alendo si oletsedwa kotheratu, koma pali njira yake. Pemphani chilolezo pasadakhale, mlendo alembe m'buku la alendo, muchezere pabwalo kapena pakhonde pooneka, asalowe kuchipinda chogona ana, asatsale yekha ndi mwana, ndipo achoke kusanade. Wachibwenzi asagone. Zikuoneka ngati kukhwimitsa zinthu, koma mwana akadzanena kuti wina anamugwira, buku lija ndi limene lidzakuikireni umboni. Mukakayikira kuti mwana wachitidwa nkhanza, ndi mlendo kapena wantchito mnzanu, imbani nambala yothandiza ana ya 116 kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi.

Kucheza kwenikweni kuchitike kunja, tsiku lanu lopuma, ndipo tsikulo mutulukedi pampanda. Wopuma ali m'kati sapuma, ana amamupeza. Ukwati ndi chinkhoswe zimadziwika miyezi isanakwane, choncho lembetsani tsikulo pa ndandanda msanga. Maliro sapangana, koma kupempha maola atatu kuti mukaonekere ku siwa ndi kubwerera n'kosavuta kuvomera kusiyana ndi kupempha masiku awiri. Mukalephera, tumizani chipepeso pa Airtel Money kapena Mpamba ndipo muimbe foni. Kungokhala chete ndiko kumapweteka anthu. Ku chipereganyu kapena banki m'khonde muwauze poyamba kuti muzisonkha pa foni. Chenjeraninso ndi anzanu oganiza kuti pamalo otere sopo, shuga ndi zovala za thandizo n'zongotola. Kapaketi kamodzi kotuluka pageti kakhoza kukuchotsetsani ntchito. Ndipo mukaona kuti mwayamba kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, tulo tikusowa, mwatopa. Tengani tchuthi chanu dzanja lisanafulumire.

FUNSO: Nyengo ya mvula ana amatsegula m'mimba motsatizana, ndipo mipopi imatha masiku osatulutsa madzi. Tizitani?
Mayi wa ku Chilobwe

YANKHO: Mayi, madzi onse akumwa, a pachitsime ngakhale a m'migolo yosungira, muziwabwatitsa kapena kuthira WaterGuard, kachivundikiro kamodzi mu ndowa ya malita 20, n'kudikira mphindi 30. Ndowayo ikhale yovundikira, makamaka yampopi, kuti manja ndi makapu asaviikidwemo. Kusamba m'manja m'beseni limodzi musanadye kulekeke. Muzithirirana, ndi sopo.

Mwana akayamba kutsegula, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, amene ndi mabotolo awiri a 500 ml. Madzi akachepa mcherewo umachuluka ndipo umavulaza mwana. Wosakwana zaka ziwiri amwe 50 mpaka 100 ml akangochita chimbudzi, wamkulupo 100 mpaka 200 ml. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambenso pang'onopang'ono ndi sipuni. Thanzi wotsala mutaye pakatha maola 24. Kuchipatala akupatsaninso zinki woti amwe masiku 10 mpaka 14, ndipo amalize ngakhale kutsegulako kutasiya. Chakudya asasiye. Wodwalayo akhale ndi kapu, mbale ndi potyi yakeyake, ndipo amene akumusamalira asaphikire anzake ngati pali wina woti aphike. Potsuka chimbudzi ndi pansi pomwe padetsedwa, sakanizani kapu imodzi ya Jik wa 3.5% ndi makapu 6 a madzi, mutavala magolovesi.

Chimbudzi chikakhala chamadzi oyererako ngati otsukira mpunga, kapena muli magazi, maso alowa m'kati, mwana wafooka osatha kumwa, musadikire kuche. Kolera amatha kupha pa maola ochepa, monga tinaonera mu 2022 ndi 2023. Nyamukani nthawi yomweyo, mukumumwetsa Thanzi m'njira, ndipo muwauze a chipatala kuti mwanayo akuchokera panyumba ya ana ambiri kuti a zaumoyo abwere adzaone enawo.