Achinyamata opita ku Nsanje: zoti mukonze musananyamuke

Achimwene, mwafunsa kuti achinyamata 30 a mpingo wanu ku Blantyre akonzekere bwanji ulendo wa sabata imodzi wokalalikira ku Nsanje, kwinaku akumanga zimbudzi pa tchalitchi chomwe chinaonongeka ndi namondwe wa Freddy mu 2023.

Patatsala mwezi, tumizani anthu awiri akaonane ndi abusa a kumeneko. Abusawo ndiwo akawaperekeze kwa nyakwawa ndi kwa agulupu, chifukwa mlendo sangofikira kuimika zokuzira mawu m'mudzi mwa eni. Akafunsenso chimene anthuwo akuchifuna. Maulendo ambiri amaonongekera pomwepa: gulu limadza ndi ntchito yosankha lokha, eni mudzi n'kumangoonerera, ndiye alendo akachoka chimbudzi chimatsala chopanda denga mpaka mvula kuchipeza.

Pitani mu Ogasiti, sukulu zili pa tchuthi. Mu Okutobala ndi Novembala kuchigwa cha Shire kumatentha mpaka madigiri 40, ndipo mwana wozolowera mphepo ya ku Blantyre sangagwire fosholo padzuwa limenelo. Ngakhale mu Ogasiti momwemo, ntchito yamanja iziyamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka 11 koloko. Masana muziyendera makomo, madzulo msonkhano. Pagulu lililonse loyenda m'makomo pakhale wachinyamata wa komweko wolankhula Chisena, chifukwa agogo ambiri amamasuka m'chinenero chawo.

Pa zimbudzi ndiye mvetsetsani. Malo ambiri kumeneko dothi ndi lamchenga, dzenje losamangira m'kati limagumuka mvula ikangoyamba. Kumbani dzenje lozungulira, osati la makona anayi, ndipo mulimangire njerwa kuyambira pansi, mukusiya timipata m'mizere yam'munsi kuti madzi azilowa m'nthaka. Litalikirane ndi mjigo kapena chitsime mamita osachepera 30. Mukayamba kupeza chinyezi pokumba, lekani pomwepo, mukweze chimbudzicho pamwamba. Silabu iumbeni tsiku lomwe mwafika: muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale, ndi waya m'kati. Imafuna kuthiriridwa madzi masiku 7. Mukaiumba Lachinayi n'kuikhazika Loweruka chifukwa chothamangira kujambula, idzang'aluka. Matope omangira khoma ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 pa mawilibala atatu a mchenga. Mmisiri mulembe wa komweko ndipo mumlipire, achinyamata akhale omuthandiza. Kumaliza zimbudzi ziwiri kuli bwino kusiyana ndi kusiya maenje asanu pomwe ana amasewera.

Chakudya mutenge chanu chonse, musakadye nkhokwe ya anthu omwe madzi anawakokolera minda. Ufa werengerani theka la kilogalamu pa munthu patsiku, ndiye kuti matumba awiri a makilogalamu 50 n'kapamwamba. Koma tengani atatu, popeza ana a m'mudzi ndi othandiza ntchito adzadya nanu. Nyemba makilogalamu 20, usipa, soya, mafuta malita 10, mchere ndi shuga. Masamba ndi nkhuni mukagule komweko.

Madzi akumwa thirani WaterGuard, kachivindikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20, mudikire mphindi 30. Kolera ya 2022 ndi 2023 tisaiiwale msanga. Aliyense atenge neti yake, osati yobwerekana, ndipo m'bokosi la mankhwala mukhale Thanzi ORS, panado ndi mabandeji. Wina thupi likatentha musamugulire mankhwala pagolosale, mupite naye akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Nambala ya alangizi a zaumoyo a m'deralo muikhale nayo musanafike. Kukasamba ku Shire kuletsedwe ndithu, muli ng'ona.

Aliyense wosakwana zaka 18 abweretse kalata yosainidwa ndi makolo, yonenanso matenda omwe ali nawo. Anyamata ndi atsikana agone kosiyana, atsikana ali ndi amayi awiri a mpingo ogona nawo limodzi. Simenti ndi malata zitsogole pa lole, anthu pa basi, ndipo mutsike mapiri opita ku Chikwawa kukadali kowala.

Amene atembenuke mtima pamsonkhano, maina awo muwasiyire abusa ndi akulu a mpingo a komweko. Mugwirizanenso za tsiku lomwe anthu awiri aja adzabwerere patatha miyezi itatu, kudzaona zimbudzizo mvula isanalimbe.