Thirakitala yakale ya Ferguson ikuzima mukabweza choki: musathamangire kugula kabureta

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa cha ku Ekwendeni. Akuti: "Ndili ndi Ferguson yotuwa imene anandisiyira malume. Imalira ndikakoka choki, koma ndikangoibweza imatsokomola n'kuzima. Ndikalowa nayo m'munda sipatha mphindi khumi isanafe. Makaniko wina ku Mzuzu akuti tigule kabureta ina. Nditani?"

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Thirakitala yanu ndi TE20, imene ankapanga ku Coventry, ku England, kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo anapanga zoposa 500,000. Ya petulo imatchedwa TEA-20, ndipo zambiri zili ndi kabureta ya Zenith, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Chofunika kudziwa n'chakuti ilibe pampu ya mafuta. Thanki ili pamwamba pa injini, petulo amangotsika yekha ngati madzi pa mtsetse, ndiye kachitsotso kakang'ono kakakhala panjira injini imagona ndi njala. Choki imachepetsa mpweya kuti injini ikoke mafuta ambiri. Ikamalira pokhapokha mwakoka choki, ndiye kuti petulo akufika wochepa, kapena mpweya ukulowera pena pamene suyenera kulowera.

Yambirani kumwamba, pa chitsekerero cha thanki. Chili ndi kabowo kopumira, kakang'ono ngati kobooledwa ndi singano. Ndinaonapo Ferguson ina ku Luwinga imene mwini wake anaipenta mokongola, utoto n'kutseka kabowoko. Inkalira bwino, kenako n'kuzima, ndipo pomasula chitsekererocho munkamva kuti "fuuu" mpweya ukuthamangira m'kati. Anali atamasula kabureta kawiri konse popanda chifukwa. Yanu ikadzazimanso, masulani chitsekerero nthawi yomweyo, mumvetsere.

Kenako weramani muone kambale kagalasi kali pansi pa thanki. Apa ndi pamene ndimakayikira kwambiri kwathu kuno. Mzuzu n'kozizira, mu June ndi July nkhungu imagwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo thanki yosadzaza imachita thukuta m'kati usiku. Madziwo amatsikira pansi n'kubala dzimbiri. Onjezanipo kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira m'chaka cha 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol amayamwa chinyezi, amasendanso litsiro lakale la m'thanki n'kulitumiza kumunsi. Nanga tikagula wa m'zigubu mafuta akasowa, ndani amadziwa kuti chigubucho munali chiyani dzulo? M'kambale muja mukaona mzere wolekanitsa madzi pansi ndi petulo pamwamba, kapena tinthu tofiirira ngati masamba a tiyi, mwapeza pogwira. Tsekani mpopi wa mafuta, tsukani kambaleko pamodzi ndi kasefa kawaya kali pamwamba pake. Gasiketi yake ikakhala youma isintheni.

Mukatero tsegulani potayira mafuta pansi pa kabureta, muike chitini, mutsegule mpopi. Petulo azituluka mosadukiza kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Akayamba mwamphamvu kenako n'kumangodontha, njira yatsekeka pakati pa thanki ndi kabureta, kapena kasingano ka fuloti (kachinthu koyandama m'kabureta kamene kamatseka petulo akadzaza) kakukakamira. Zimenezi chitirani panja, injini itazizira, waya wa batire mutachotsa, ndipo wosuta fodya akhale patali.

Mafuta akamatsika bwino koma vuto likadalipo, apo ndiye masulani kabureta. Yalani nsalu yoyera pa tebulo, osati pa dothi. Musanachotse sikuluu yosinthira mafuta, imangeni pang'onopang'ono mpaka ingokhudza, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo mulembe penapake kuti mudzaibwezere momwe inalili. Musaimange ndi mphamvu, nsonga yake imaphwanyika msanga. Majeti, tizitsulo tatimabowo todutsira petulo, atsukeni ndi petulo woyera n'kuwauzira mpweya, pampu ya njinga imakwanira. Chimene chimandipweteka mtima n'kuona munthu akutokosa jeti ndi waya wa buleki ya njinga. Jeti ndi yamkuwa, ndi yofewa, bowo likakula silibwereranso, ndipo thirakitala imasanduka chidakwa cha petulo moyo wake wonse. Fuloti igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kuti khutchukhutchu, yabooka ndipo yamwa mafuta, ngakhale kuti vuto limenelo limaonekera pa kusefukira kwa petulo ndi utsi wakuda, osati njala ngati yanuyi.

Onaninso gasiketi ya pamene kabureta imakumana ndi manifodi (paipi yotengera petulo ndi mpweya ku injini), ndiponso kamtengo ka kachitseko ka mpweya. Pa makina a zaka 70 kamtengoka kamakhala katadyeka. Kagwedezeni ndi chala. Kakamasewera ndiye kuti mpweya ukulowera pamenepo, ndipo kutsuka kokha sikungathandize. Amakaika timabushi tatsopano.

Pali chinanso chimene chimanamizira kabureta. Koilo, imene imatumiza moto ku mapulagi, ikatopa imagwira ntchito ikazizira n'kufooka ikatentha. Injini ikangozima m'munda, yesani moto pa pulagi nthawi yomweyo. Moto wabwino ndi wabuluu, wothetheka. Yang'ananinso nsonga ya pulagiyo: yoyererako ikutanthauza njala ya mafuta, yamwaye ikutanthauza kuti achuluka. Kuno tili pamtunda, mamita oposa 1,200, mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi kunyanja ku Nkhata Bay, choncho injini yabwinobwino siyenera kupempha choki ikatentha.

Simunandiuze ngati thanki yanu ili ndi zitsekerero ziwiri. Ngati ili nazo, imeneyo ndi TED-20, yoliza ndi petulo kenako n'kusinthira ku mafuta a mtundu wa palafini injini ikatentha. Pa imeneyo onetsetsani kumene mpopi waloza, ndipo musanailize m'mawa tayani zonse zimene zinagona m'kabureta. Mundilemberenso zimene mupeze m'kambale kagalasi kaja.