Mayi, mipingo ya Lutheran ilipo iwiri, ndipo sinadzere njira imodzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anakulira mu CCAP koma wakwatiwa m'banja la a Lutheran. Akuti atasamukira ku Lilongwe anaona chikwangwani cha Lutheran, n'kulowa m'tchalitchimo. Atauza apongozi awo pafoni, anamva kuti, "Umenewo si wathu." Funso lawo ndi lakuti: kodi anthuwa anayambana n'kugawikana? Nanga n'chifukwa chiyani mapemphero awo amafanana ndi a Katolika?

Mayi, apongozi anu sananame, koma panalibe ndewu. Mipingo yodziwika ya Lutheran m'Malawi ndi iwiri: Lutheran Church of Central Africa, imene anthu amangoti LCCA, ndi Evangelical Lutheran Church in Malawi, ELCM. Wina sanatuluke mwa mnzake. Anachita kukumana muno, aliyense atayenda njira yake.

LCCA ndiye wamkulu pobadwa. Amishonale a sinodi ya Wisconsin ya ku America anayamba ntchito ku Lusaka mu 1953, dzikolo likadali Northern Rhodesia. Poti Chinyanja chimamveka mbali zonse ziwiri za malire, timapepala ta maphunziro a Baibulo timene ankatumiza pa positi tinayamba kufika kuno ku Nyasaland, ndipo anthu ankayankha, ena n'kumapempha kuti mbusa abwere. Mu 1963 abusa awiri, Richard Mueller ndi Raymond Cox, anasamukira ku Blantyre. Ine mbiri imeneyi imandisangalatsa chifukwa mpingo unatsogozedwa ndi envulopu. Munthu ankayamba wawerenga yekha pakhonde, n'kuitana m'bale wake, mawa mnansi, mmishonale n'kudzapeza kagulu kakusonkhana kale pansi pa mtengo. Kuyambira 1970 mpingowu wakhalanso ukuyendetsa chipatala choyendayenda m'midzi. Ofuna ubusa amayambira ku Lutheran Bible Institute ku Lilongwe, n'kukamalizira ku seminale ya ku Lusaka, kotero ubale ndi Zambia sunathe.

ELCM inabwera mochedwerapo, mu 1982, ndipo sinabwere ndi mzungu. Anaiyambitsa ndi anthu wamba, motsogozedwa ndi a Gilbert Msuku amene anakhalitsa ku Tanzania n'kubwerera kwawo ali a Lutheran. Ku Tanzania mpingowu ndi waukulu zedi. Chodabwitsa n'chakuti amishonale a ku Berlin amene anakaubzala kumwera kwa dzikolo, pakati pa Anyakyusa, anadutsa momwe muno mu 1891, kukwera Shire ndi nyanja, koma sanakhazikike. Panapita zaka 91 kuti mbewu yawo ibwerere m'chikwama cha munthu wakwathu. Mpingowu likulu lake lili ku Lilongwe, wakhala zaka zambiri ukutsogozedwa ndi Bishopu Joseph Bvumbwe, ndipo ambiri anaudziwira ku nthambi yake ya chitukuko, ELDS, imene inathandiza anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique.

Nanga akusiyana pati, poti onse amatchula Martin Luther, onse amaphunzitsa Katekisimu Wamng'ono wa 1529, onse amavomereza Chivomerezo cha ku Augsburg cha 1530? Kusiyana kwagona pa funso lakuti upemphera ndi kudya Mgonero ndi yani. ELCM ili m'bungwe la Lutheran World Federation, limene limakhala pansi ndi mipingo ina, mpaka mu 1999 linasainirana chikalata ndi Akatolika pa nkhani ya kulungamitsidwa ndi chikhulupiriro. LCCA mulibemo m'bungwe limenelo. Iwo amati kudyera pa gome limodzi ndi kulengeza kuti timakhulupirira chimodzi pa zonse, ndiye tiyambe tagwirizana pa chiphunzitso, Mgonero pambuyo. Ubusanso kwa iwo ndi wa amuna okha. Ngati apongozi anu ali a LCCA, ndiye musadabwe mlendo akapemphedwa kuti akhale kaye pampando ena akupita kutsogolo. Ndikudziwa kuti zimawawa, makamaka kwa munthu amene wakhala akudya Mgonero kuyambira ali mtsikana. Ine sindigwirizana nawo pa kuuma kumeneko, koma sindinganene kuti ndi kunyada. Amachita zimene amaphunzitsa, ndipo amakuuziratu.

Za kufanana ndi Katolika, maso anu aona bwino. Luther anali wansembe wa Katolika. Pamene ankatulutsa mfundo zake 95 ku Wittenberg pa 31 Okutobala 1517, sankafuna kuyambitsa mpingo, ankadandaula za malonda a zikalata zochotsera chilango cha machimo. Atachotsedwa mu mpingo wa Katolika mu 1521, sanataye zonse. Anasunga dongosolo la mapemphero, mkanjo, guwa, nyengo za Adiventi ndi Lenti, ubatizo wa makanda. Anachotsa zokhazo zimene anaona kuti zikutsutsana ndi Malemba. A Presbyterian, kumene inu mwachokera, anatsata Calvin ndi Knox, atsogoleri ena okonzanso mpingo, amene anasesa m'nyumba kwambiri. Pa Mgonero ndiye pali phompho lenileni: a Lutheran amati mu mkate ndi vinyo mulidi thupi ndi mwazi wa Khristu, osati chikumbutso chabe. Nkhani imeneyi inalekanitsa Luther ndi Zwingli, wokonzanso mpingo wa ku Switzerland, ku Marburg mu 1529, ndipo ndi yomweyo ikukukhazikani pampando lero.

Mukapita kumudzi kwa amuna anu, mudzaone zimene zimachitika Lamulungu limene abusa kulibe, poti mbusa mmodzi amasamala mipingo ingapo. Mkulu wa mpingo amaima kutsogolo ndi buku, anthu n'kuulula machimo pamodzi, mawu omwewo sabata ndi sabata, mpaka agogo osadziwa kuwerenga amawatchula osaphonya. Ana a kalasi amafunsidwa lamulo limodzi mwa khumi aja, kenako funso la Luther lija lobwerezabwereza, lakuti zimenezi zitanthauzanji, iwo n'kuyankha pamtima ngati akuimba. Tsiku limene njinga yamoto ya abusa yamveka kumsewu, pamakhala ubatizo, Mgonero, mwina ndi ukwati womwe, zonse tsiku limodzi, anthu n'kuweruka dzuwa litapendeka.

Choti muchite n'chapafupi. Funsani amuna anu kuti kwawo ndi LCCA kapena ELCM, poti mwina iwonso sanaganizepo. Kenako kaonaneni ndi abusa a mpingo umenewo, muwauze kuti munabatizidwa ku CCAP. Sadzakubatizaninso, ubatizo wa m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera amaulandira. Chimene angakupempheni ndi kulowa kalasi ya akuluakulu kwa kanthawi. Kalata yanu ya ku CCAP musaisiye m'sutikesi, mupite nayo.