Chimene chinkapha Angelezi ku Jamestown

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene Angelezi oyamba ku Jamestown, tauni yawo ya ku Virginia ku America, ankangofa chonsecho dziko la Virginia linali lachonde. Vuto linayambira pa malo. Mu 1607 amuna ndi anyamata 104 anamanga linga pachidambo m'mbali mwa mtsinje wa James. Madzi akumwa anali amchere, udzudzu ndiye wosaneneka. Ambiri anali mabwana osadziwa khasu, maso ali pa golide basi.

Chimanga ankachipeza kwa anthu a Powhatan, eni nthaka. Ubale utasokonekera, njala ya 1609 mpaka 1610 inasiya anthu pafupifupi 60 okha m'lingamo. Anadya mahatchi, agalu, ngakhale makoswe. Tauniyo inadzaimira pa fodya amene Mngelezi wina, John Rolfe, anayamba kulima mu 1612.